Mlendo anadza ndi kalumo kakuthwa: Richard Pryor pa Saturday Night Live mu 1975

Akuluakulu a wailesi ya kanema ya NBC ku America ankamuopa Richard Pryor, katswiri wa nthabwala. Ankamuopa kwambiri moti pa 13 Disembala 1975, tsiku limene anabwera kudzatsogolera pulogalamu yawo ya nthabwala ya Loweruka usiku, analamula kuti zochitika mu situdiyo zizichedwa ndi masekondi angapo zisanafike m'nyumba za anthu, n'cholinga choti akangotukwana, wapamakina adule mawuwo. Pulogalamu imeneyi inkanyadira kuti imaulutsidwa pompopompo, koma usiku umenewo anaimanga miyendo. Pryor mwini wakeyo sanamuuze, poopa kuti angakwiye n'kutuluka.

Ndi pulogalamu yomweyi imene lero timaidziwa kuti Saturday Night Live, ngakhale masiku amenewo inkatchedwa NBC's Saturday Night chifukwa dzina linalo linali m'manja mwa Howard Cosell wa ku wailesi ya ABC. Inali itangoyamba kumene pa 11 Okutobala chaka chomwecho, ndipo ya Pryor inali yachisanu ndi chiwiri. Kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero: imayamba hafu pasiti 11 usiku mu Studio 8H ku Rockefeller Center mumzinda wa New York, pamakhala gulu la ochita zisudzo, mlendo wotsogolera, woimba, ndi timasewero tifupitifupi todzaza ola limodzi ndi theka. Kwathu kuno nthawi imeneyo kunalibe wailesi ya kanema, inachita kufika mu 1999, kotero ambiri a ife zakale ngati zimenezi tikuzionera pa intaneti, zithunzi zili mbuu, mawu akumveka ngati akuchokera kuchipinda china. Ambiri amangoonera kachidutswa kamodzi kotchuka ka intavyu ya ntchito, ka mphindi zochepa chabe. Ine ndimati aonere yonse, chifukwa kachidutswa kameneko kamamveka bwino ukadziwa zimene zinakazungulira.

Amene anayambitsa pulogalamuyi, Lorne Michaels, anali ndi zaka 31. Iyeyu ndi amene anaumirira kuti Pryor abwere, mpaka kuopseza mabwana ake kuti asiya ntchito akamukaniza. Maganizo ake anali olunjika: sungati ukupanga pulogalamu ya nthabwala za masiku ano kwinaku ukusiya kunja munthu amene akutsogola pa nthabwalazo. Ndipo Pryor ankatsogoladi. Anabadwira ku Peoria m'chigawo cha Illinois mu 1940, n'kukulira m'nyumba ya mahule imene agogo ake aakazi ankayendetsa. Poyamba ankachita nthabwala zaulemu zokomera azungu, kenako anazitaya n'kuyamba kulankhula ngati anthu a kumene anakulira: zidakwa, mahule, alaliki, akaidi, anyamata othawa apolisi. Zimbale zake zinkapata mphotho za Grammy. Anathandiza nawo kulemba filimu ya Blazing Saddles ya mu 1974, koma eni kampani anakana kumupatsa mbali yaikulu chifukwa sankamukhulupirira.

Tsono Michaels atamulondola kukamupempha, Pryor sanangoti zikomo pondiganizira. Anaika mfundo zake patebulo. Abwera ndi womulembera wake, Paul Mooney. Woimba akhale Gil Scott-Heron. Mnzake wa zisudzo Thalmus Rasulala apatsidwe mbali, chimodzimodzinso Shelley, mkazi wake wakale. Anafunanso mipando yambiri mu situdiyo yoti akhalepo anthu ake. Wina akhoza kuzitenga ngati matama a munthu wotchuka, koma ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pryor anali munthu wakuda woyamba kutsogolera pulogalamuyi, ndipo ankadziwa kuti akalowa yekha m'chipinda chodzaza ndi olemba achizungu ophunzira bwino, adzangokhala chokongoletsera nthabwala zawo. Anadza ndi anthu ake kuti nthabwalazo zichokere mbali ina.

Kusinthaku kukuoneka pulogalamu isanayambe n'komwe. Mwambo wa masabata oyambirirawo unali woti Chevy Chase, mnyamata wamtali wamaonekedwe abwino amene anali atayamba kale kutchuka kuposa anzake onse, agwe chagada pamaso pa anthu kenako anene mawu otsegulira. Usiku umenewu Garrett Morris, munthu wakuda yekhayo m'gululo, akubwera kudzalimbirana naye udindowo, ati Richard ndi amene wanena. Amakangana pang'ono, ndipo pamapeto pake mawu otsegulira akutuluka m'kamwa mwa Morris. Kasewero kameneka sikoseketsa kwambiri ayi, koma ukadziwa kuti Morris, woimba wophunzitsidwa bwino komanso wamkulu msinkhu kuposa anzake onse, ankangopatsidwa timbali ting'onoting'ono sabata ndi sabata, umamva kukoma kumuona ali pakati pa chithunzi.

Kenako Pryor akutulukira. Akupereka pulogalamuyo kwa Miles Davis, katswiri wa nyimbo za jazi, amene nthawiyo ankadwala m'chipatala, n'kuyamba kukamba za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti munthu amene NBC inkamutenga ngati moto wolusa akuoneka wamanyazi. Ndi woonda, mawu ake ndi ofewa, maso akuthamangathamanga. Koma akangoyamba kutsanzira munthu, thupi lonse limalowa ntchito. Akamaonetsa munthu amene mankhwala amupanikiza mpaka kuiwala kapumidwe, umaona mantha enieni pankhope, ndipo anthu akuseka pamene munthuyo akuoneka kuti akufa. Ena onse pa pulogalamuyi ankavala mawigi ndi zovala kuti akhale anthu ena. Iyeyu ankangosintha kaimidwe ka mapewa.

Sewero la hotela ya samurai ndilo linayambitsa mbali yotchuka ya John Belushi, mmodzi wa gulu la zisudzolo, yokhala wankhondo wa ku Japan wonyamula lupanga amene akugwira ntchito wamba. Pano ndi kalaliki wolandira alendo, Pryor ndi wonyamula zikwama, nayenso samurai, ndipo akukanganirana woti anyamule katundu wa mlendo. Belushi akutchula amayi a mnzake, Pryor akusolola lupanga n'kudula tebulo pakati, ndipo Belushi mwamantha akuyankha m'Chingerezi choyera, ati wamvetsa. Mphamvu za Belushi n'zosakanika. Koma sindingabise kuti chinenero chopeka chimene akubwebweta ngati Chijapani chimandiwawa m'khutu. Pa usiku umene unkafunsa mafunso ovuta okhudza mmene anthu amanyozerana chifukwa cha mtundu, palibe anaona vuto kuseka malankhulidwe a anthu a ku Japan, chifukwa m'chipindamo munalibe Mjapani woti adandaule.

Tsopano sewero lija limene aliyense amalidziwa. Muli tebulo, mipando iwiri, ndi failo m'manja mwa Chase. Pryor ndi bambo Wilson, abwera ku intavyu ya ntchito yosesa ndi kukolopa. Chase akuti zonse zayenda bwino, kwangotsala mayeso amodzi a maganizo: iye azitchula liwu, bambo Wilson aziyankha ndi liwu loyamba lobwera m'mutu. Akuyamba ndi zopanda vuto. Galu, mtengo. Kuthamanga, kuchedwa. Mvula, chipale. Kuyera, kuda. Kenako, mawu ake osasintha ngakhale pang'ono, maso ali pa failo, Chase akutchula dzina lonyozera munthu wakuda.

Apa m'pofunika kuyang'ana nkhope ya Pryor, osati kumvera mawu okha. Sakukwiya msanga. Akudabwa kaye, n'kufunsa kuti mwati chiyani, ngati munthu amene akufuna kupatsa mnzake mpata woti abweze mawu. Chase akubwereza. Ndiye bambo Wilson akuyankha ndi dzina lonyozera mzungu, koma motsitsa, mosamala, pokumbukira kuti ntchitoyo akuifunabe. Chase akutchula lina loipa kuposa loyamba. Pryor akubweza. Liwiro likukwera, mawu akukwera, onse awiri akusendera kutsogolo pamipando yawo. Ndipo pali chinthu chimene olemba anachiona bwino: mayina onyozera munthu wakuda sakutha, Chase akungotola limodzi pambuyo pa linzake, pamene a Pryor akumuthera, mpaka akufika pobwereza liwu limodzi kawiri chifukwa alibenso lina. Zaka mazana ambiri za ukapolo ndi tsankho zinasiya nkhokwe yodzaza mbali imodzi yokha.

Pomaliza Chase akutchula liwu lalikulu lija, limene akapolo ankaitanidwa nalo, limene magulu a azungu ankakuwa popachika munthu wakuda pamtengo. Pryor akubwereza dzina lake lonyozera mzungu lija n'kuwonjezerapo liwu limodzi lokha: wakufa. Akatero sakulankhulanso. Nkhope yake ikunjenjemera, tsaya likudumphadumpha, diso likuphethira lokha. Anthu mu situdiyo akuphulika ndi phwete. Chase, amene mphindi yapitayo anali bwana, akuyamba kuchita chibwibwi. Akumupatsa ntchito ya madola 5,000 pachaka. Pryor akumutukwanira amayi ake. Akukweza kufika 7,500. Akumutukwanira agogo ake. Akufika pa 15,000, ati mudzakhala wosesa wolandira ndalama zambiri mu America yense, chonde musandivulaze. Ndipo bambo Wilson akafunsa ngati ayambe ntchito pompo, bwanayo akuti ayi, akonza yekha muofesimo, iwo akapume kaye masabata awiri.

Ndaona anthu ena akunena kuti seweroli ndi umboni woti kale anthu anali omasuka, ankatha kunena chilichonse popanda wokhumudwa. Sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Seweroli likunena za kukhumudwa kwenikweniko. Kuseka kwake sikukuchokera m'mawu otukwanawo, kukuchokera pa kuona munthu amene wameza chipongwe moyo wake wonse akufika pokana kumezanso, ndi kuona wachipongweyo akuzindikira mwadzidzidzi kuti ali yekha m'chipinda ndi munthu amene wamulakwira. Chase nayenso ndi woyenera kumuyamikira. Akanangomwetulira pang'ono, kapena kuonetsa owonera kuti iye si wotero, zonse zikanagwa. Anavomera kukhala munthu woipa mpaka kumapeto.

Ndiye ganizirani za masekondi ochedwetsa aja. Makina onse anaikidwa kuti agwire pakamwa pa Pryor. Koma liwu loipitsitsa la usiku wonsewo linatuluka m'kamwa mwa mnyamata wachizungu wokondedwa ndi wailesi, linalembedwa papepala, linayesereredwa, ndipo linadutsa osadulidwa. Zimenezi zimandiuza kuti chimene mabwanawo ankaopa sanali mawu otukwana ayi. Ankaopa munthu wakuda amene sakanatha kudziwiratu chimene anene.

Za amene analemba seweroli pali mkangano umene sunathe. Paul Mooney, mpaka kumwalira kwake mu 2021, ankanena kuti ndi iye, ndipo kuti linachokera pa mmene akuluakulu a pulogalamuyo anamufunsira mafunso onyoza asanamulole kulowa m'chipinda cha olemba, ngati mwana wofuna ganyu, pamene anali kale mlembi wodziwika. Chase amati analilemba iye pamodzi ndi Pryor. Ine mtima wanga umapendekera kwa Mooney, pa chifukwa chimodzi: seweroli likudziwa mmene zimawawira kukhala pa mpando wa wopempha ntchito, kuwerengera mumtima kuchuluka kwa chipongwe chimene ungapirire chifukwa cha malipiro. Amene sanakhalepo pa mpando umenewo sangadziwe kuti poyamba munthu amayankha motsitsa mawu.

Pryor mwini wake ankagwiritsa ntchito liwu lalikululo momasuka m'nthabwala zake za nthawi imeneyo. Mu 1979 anapita ku Kenya, ndipo atabwerako ananena poyera kuti sadzatchulanso munthu wakuda mnzake ndi dzina limenelo, chifukwa kumeneko anaona anthu akuda akuyendetsa dziko lawo ndipo dzinalo silinkagwirizana ndi aliyense mwa iwo. M'sewero la intavyu lija, zaka zinayi ulendowo usanachitike, iye salitchula. Amangolilandira n'kuonetsa kulemera kwake.

Mfundo yomweyi ikubwerabwera usiku wonse m'njira zing'onozing'ono. Pali timasewero ta masekondi ochepa ta kupolisi, kumene mboni ikuuzidwa kuloza wolakwa pamzere wa anthu. Nthawi iliyonse Pryor alipo, ndipo nthawi iliyonse mzerewo wakonzedwa moti palibe wina angalozedwe koma iye. Pena amuimika pamodzi ndi sisitere ndi firiji. Pali sewero la banja lachizungu pa chakudya chamadzulo, Dan Aykroyd ngati bambo akudandaula kuti anthu akuda akulanda chilichonse, kwinaku aliyense wa m'banjamo akatuluka m'chipindamo akubwerera ali munthu wakuda, bamboyo osazindikira. Pali pamene Jane Curtin akucheza ndi Pryor ngati mlembi wakuda amene anadzipaka zoyera kuti alawe moyo wa mzungu, kutembenuza nkhani yeniyeni ya John Howard Griffin, mzungu amene anadzidetsa khungu n'kuyenda m'madera a kummwera kwa America, buku lake n'kutuluka mu 1961. Ngakhale pa nkhani zongopeka zimene Chase ankawerenga, Gilda Radner akubwera ngati gogo Emily Litella wosamva bwino, kudzakalipira zomanga ana asukulu, pamene nkhani inali yonyamula ana pa mabasi kupita nawo kusukulu za mitundu ina, mkangano umene unkayaka moto ku Boston zaka zimenezo.

Koma chimene chinandigwira mtima mosayembekezera ndi nyimbo. Gil Scott-Heron, limodzi ndi Brian Jackson ndi gulu lawo, akuimba Johannesburg, nyimbo yofunsa kuti kodi abale athu akumeneko zikuwathera bwanji, poti nkhani zimene zikufika sizodalirika koma zikumveka kuti akukana kugonja. Uku n'kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti ana asukulu a ku Soweto ayambe zionetsero za pa 16 Juni 1976. Kwa Amereka ambiri amene ankaonera usiku umenewo, Johannesburg linali dzina lachilendo pa mapu. Kwa ife ndi ku Joni. Ndi kumene azigogo ndi amalume athu ankapita pa Wenela kukakumba golide, ena n'kubwera ndi njinga ndi wailesi, ena ndi chifuwa, ena osabweranso. Pamene nyimboyi inkaimbidwa ku New York, boma la Dr. Banda linali litaimitsa kaye zotumiza anthu kumigodi kutsatira ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu Epulo 1974, imene inapha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Komanso linali boma lomwelo limene linali pa ubale wa ukazembe ndi boma latsankho la Pretoria kuyambira 1967. Nyimbo yotere sikanamveka pa wailesi kwathu. Inamveka pa NBC chifukwa Pryor anakana kubwera popanda woimba wake.

Si zonse zimene zili bwino. Zidole za Jim Henson, zimene zinkaoneka kawirikawiri chaka choyambacho, sizinkagwirizana ndi pulogalamuyi ndipo olemba ankadana nazo; zimaoneka. Kafilimu ka Albert Brooks kamaziziritsa moto umene unali utayaka. Ndakatulo ya Shelley Pryor yolimbikitsa kulolerana pakati pa mitundu ili ndi cholinga chabwino koma ndi yaitali, ndipo ikunena mofatsa zimene masewero ena anena kale mwamphamvu. Kuumirira kwa Pryor kunabweretsa zabwino ndi zofooka zomwe.

Sewero lotsanzira filimu yoopsa ya The Exorcist ya mu 1973 ndilo loseketsa kwambiri mosavutikira kuganiza. Rasulala ndi wansembe wamkulu wolimba mtima, Pryor ndi wansembe wamng'ono wamantha, Laraine Newman ndi mtsikana wogwidwa ndi chiwanda. Bedi likuyandama m'malere, ansembe akulilamula kuti litsike, ndipo likutsikadi, koma pa phazi la Pryor, amene akupitiriza pempherolo ndi mawu omwewo a mwambo, kungoti tsopano akulengeza kuti bedi lili pa phazi lake. Wansembe wamkulu akupirira zonse, akulangiza mnzake kuti asapse mtima poti ameneyu ndi mwana chabe, mpaka chiwandacho chikutchula amayi ake. Pamenepo ubusa ukutha, akumugwira pakhosi mtsikanayo. Aliyense wa kwathu kuno angamvetse popanda womumasulira. Munthu amapirira zambiri, koma osati zotukwanira amayi ake.

Chakumapeto Pryor akubwereranso yekha, wopanda chovala chapadera, kudzachita anthu awiri: chidakwa chokalamba cha pakona ya msewu, chodziwa zonse, ndi mnyamata amene mankhwala amumaliza. Kwa ine apa ndi pamene pali luso lalikulu kuposa pena paliponse. Akakhala mkuluyo, chifuwa chili patsogolo, akulondolera magalimoto amene sanamupemphe. Akatembenuka n'kukhala mnyamatayo, mawondo akugwa, mutu ukulendewera, akuyamba chiganizo n'kuchiiwala pakati. Kuseka kwa anthu kukuchepa, kenako kukubwerera mwamanyazi. Sakuwanyoza anthu awiriwa ndipo sakupempha kuti tiwamvere chisoni. Anakula nawo, ndipo iye mwini ankalimbana ndi mankhwala omwewo, amene mu 1980 anatsala pang'ono kumupha pa ngozi ya moto.

Chimene chimandipweteka ndikamaliza kuonera n'chakuti zonsezi zinali za usiku umodzi. Mlendo atapita ndi anthu ake, chipinda cha olemba chinabwerera mwakale, ndipo Garrett Morris anabwerera ku timbali take, kuvala madiresi kuti akhale mayi wakuda aliyense amene sewero likufuna, kapena kukhala Idi Amin, mpaka pamene anachoka mu 1980. Eddie Murphy anabwera chaka chomwecho n'kuipulumutsa pulogalamuyo ndi mphamvu zake, komabe mu 2013 anthu anali akudandaulabe kuti m'gululo mulibe mkazi wakuda ngakhale mmodzi, mpaka analemba ntchito Sasheer Zamata mu Januwale 2014. Pryor sanadzatsogolerenso Saturday Night Live. Mu 1977 NBC inamupatsa pulogalamu yakeyake, Mooney ali m'gulu la olemba, koma m'malo moiika usiku kwambiri anaiika 8 koloko madzulo, nthawi imene mabanja amaonera pamodzi ndi ana, n'kuyamba kudula zimene sanazikonde kuyambira pa chithunzi chotsegulira. Inatha itangoonetsedwa kanayi.